Mwana wa mnzako ngwako yemwe: moyo wa George Cadbury (1839–1922)

 Uthenga wa sabata ino ndi wautaliko. Ngati muli kumunda kapena pa kantemba, usungeni, mudzawerenge madzulo mutakhala pansi. Amene muli pabanja, muwerengere limodzi.

Mukalowa m'shopu yaikulu ku Lusaka, pafupi ndi polipira pamakhala chokoleti cha pepala la pepo, cholembedwa Cadbury. Ambiri a ife timangochiyang'ana n'kupitirira, chifukwa ndalama yake titha kugulira ndiwo. Dzinalo ndi la banja, ndipo lero ndikufuna mumudziwe mmodzi wa banjalo, George Cadbury. Anakhala ndi moyo zaka 83, analera ana 11, anayendetsa bizinesi zaka zoposa 60. Ndamusankha chifukwa moyo wake uli ndi funso la aliyense wa inu amene ali ndi nyumba ndiponso ali ndi kabizinesi, kaya ndi chigayo, golosale, malasha kapena booth ya mobile money. Funso lake ndi ili: chikondi chimene muli nacho pa ana anu chimathera pa mpanda wa nyumba yanu, kapena chimafikanso kwa ana a anthu amene amakugwirirani nchito?

KUMENE ANACHOKERA

George anabadwa pa 19 September 1839 ku Edgbaston, mumzinda wa Birmingham ku England. Atate ake, John Cadbury, anatsegula sitolo mu 1824 mumsewu wotchedwa Bull Street, n'kumagulitsa tiyi, khofi ndi koko. Banjali linali la mpingo wa Quaker, anthu amene amadzitcha Abwenzi. Mapemphero awo amasiyana kwambiri ndi athu. Ife timabwera ndi ng'oma, kiyibodi, kuvina ndi kufuula. Iwo amakhala chete, mwina ola lathunthu, kudikira kuti Mzimu ayankhule kudzera mwa wina aliyense, opanda m'busa kutsogolo. Koma pa zinthu zitatu sankachita masewera: kunena zoona, kukana nkhondo, ndi kukhulupirira kuti munthu aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, ali ndi mtengo umodzi pamaso pa Mulungu. John ankadana ndi mowa chifukwa ankaona mmene ukupasulira mabanja a anthu osauka mumzindamo. Kwa iye kugulitsa koko kunali kupatsa anthu chakumwa china m'malo mwa mowa.

Mu 1855 amai ake a George, a Candia, anamwalira ndi chifuwa chachikulu, George ali ndi zaka 15. Atate ake maliro amenewo anawafooketsa thupi ndi mtima womwe, ndipo bizinesi inayamba kulowa pansi chaka ndi chaka. Pofika 1861 mkuluyo anaisiya m'manja mwa ana ake awiri, Richard wa zaka 25 ndi George wa zaka 21.

Musaganize kuti analandira chuma. Analandira fakitale yomwe inali kungodya ndalama. Aliyense anali ndi mapaundi 4,000 amene amai awo anawasiyira, ndipo anayamba kuwathira m'bizinesimo. Zaka zingapo zinapita akungoluza. Ya Richard, amene anali kale ndi mkazi ndi ana, inatsala pang'ono kutheratu. George anasiya kumwa tiyi ndi khofi, anasiya kugula nyuzipepa, ankalowa nchito m'mamawa n'kutuluka usiku. Anapangana kuti ndalama za amai awo zikatha atseka, alipire aliyense amene ali naye ngongole, aliyense akafune nchito kwina. Kudya ndalama za eni kuti bizinesi ioneke ngati ili moyo, zimenezo anakaniratu. Phindu loyamba, lochepa chabe, linaoneka cha mu 1864.

Inu amene mpamba wanu ukutha pang'onopang'ono ndipo wa kaloba wayamba kukuzungulirani, gwirani mfundo imeneyo. Anyamata awa anadziikira malire asanafike pa phompho, ndipo malirewo anali akuti wina asalire chifukwa cha kugwa kwawo.

KOKO WOPANDA CHINYENGO

Nthanga ya koko ili ndi mafuta ambiri. Masiku amenewo opanga koko ankathiramo ufa wa mbatata kapena ufa wina kuti umwe mafutawo, ndipo ena osaopa Mulungu ankathiramo ngakhale fumbi la njerwa kuti mtundu uoneke bwino. George anamva kuti ku Holland, kwa a van Houten, kuli makina ofinya mafuta a koko, monga mmene ife timafinyira mpendadzuwa. Mu 1866 anapita yekha, chiyankhulo cha kumeneko osachidziwa, n'kukagula makinawo ndi ndalama zimene zinatsala. Kumapeto kwa chaka chomwecho anayamba kugulitsa koko wosasakaniza ndi kanthu, wotchedwa Cocoa Essence. Anali wodula kuposa wa anzawo, koma anthu atazindikira kuti mulibe chinyengo anayamba kumufuna, ndipo bizinesi inadzuka. Mafuta amene ankatsala aja ndiwo anayamba kupangira chokoleti chodya.

Apa sindifuna kutalikitsa, mukudziwa kale kumene ndikupita. Thumba la malasha lokhala ndi fumbi pansi, uchi wothira madzi a shuga, meda yoponderezedwa pansi pake, sikelo yoba: zonsezi zimabweretsa ndalama ya lero n'kuthamangitsa kasitomala wa mawa. Banja la Cadbury linapulumuka tsiku limene linasankha kugulitsa chinthu monga mmene chilili.

KALASI YA PA SONDO M'MAWA

Manje tiyeni tione chimene chinapanga mtima wa munthu ameneyu. Mu 1859, ali ndi zaka 20, fakitale isanakhale yake, George anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya akuluakulu ya Severn Street ku Birmingham. Pa Sondo lililonse m'mamawa ankakumana ndi azibambo osadziwa kuwerenga, ena zidakwa, ena otuluka kundende, n'kumawaphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi Baibulo. Anachita zimenezi zaka zoposa 50. Atalemera sanasiye, atakalamba ankapitabe pa njinga, nthawi zambiri atanyamula maluwa a m'dimba lake kuti anthu ake akapatse akazi awo kunyumba.

Ndipo sankathera m'kalasi. Ankawayendera kwawo. Kumeneko anaona nyumba zogundana misana, zopanda pobzala ngakhale phata limodzi la ndiwo, mabanja ambiri chimbudzi chimodzi, utsi wa mafakitale tsiku lonse, ana akumwalira asanayambe kuyenda. Anazindikira kuti n'zovuta kuuza bambo kuti asiye mowa azikhala pakhomo, pamene pakhomopo ndi pamdima, ponunkha, ndipo malo okhawo ofunda ndi owala m'dera lonse ndi ku bala. Kuyambira pamenepo nkhani ya nyumba za anthu osauka inamukhala pamtima moyo wake wonse.

M'bale wanga, anthu amene amakugwirirani nchito, munafikako kumene amagona? Mukudziwa maina a ana awo? George anaona chifukwa anapita. Kumbukirani mawu amenewa, tidzawafunanso kutsogoloku.

PAKHOMO PAKE

Mu 1872 George anakwatira Mary Tylor, ndipo anabereka ana asanu: Edward, George wamng'ono, Henry, Isabel ndi Eleanor. Mu 1887 Mary anamwalira, wotsiriza ali wamng'ono kwambiri. Munthu amene anataya amai ake ali mnyamata tsopano anali kuyang'ana ana ake omwe akulira amai awo. Mu 1888 anakwatira Elizabeth Taylor, mai amene nayenso ankagwira nchito pakati pa anthu osauka ku London. Elizabeth analera ana asanu aja, n'kuberekanso asanu ndi mmodzi: Laurence, Norman, Dorothea, Egbert, Marion ndi Ursula. Onse pamodzi 11, nyumba imodzi. Inu amene mukulera ana a mkazi woyamba kapena a mwamuna woyamba, dziwani kuti n'zotheka nyumba yotero kukhala imodzi, koma pamafunika bambo amene alipo ndi mai wa mtima waukulu.

Tsiku pakhomopo linkayamba ndi kuwerenga Malemba, ndipo kwa zaka zambiri ku fakitale nakonso anchito ankasonkhana m'mawa kumva Mawu asanayambe nchito. Mkazi wake sanali wongokhala kumbuyo. Ankakambirana naye mapulani onse, ndipo George atamwalira Elizabeth ndiye anatsogolera bungwe loyang'anira mudzi umene anamanga, mpaka imfa yake mu 1951.

Chikondi cha bambo chimayesedwa mwana akasankha njira ina. George ankadana ndi nkhondo ndi mtima wake wonse. Anatsutsa poyera nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa, nthawi imene kutero kunkabweretsa chidani. Koma nkhondo yaikulu itayamba mu 1914, ana ake awiri anasiyana njira. Laurence anapita ndi gulu la a Quaker lonyamula ovulala, la Friends' Ambulance Unit, osagwira mfuti. Egbert analowa usilikali, nakhala woyendetsa ndege zankhondo. Tangoganizani, nkhalamba ya zaka 75 imene yaphunzitsa mtendere moyo wake wonse, mwana wake ali kumwamba kuwombera adani. Sanamutaye. Nkhondo itatha Egbert analowa m'bizinesi ya banja ndipo anadzakhala mmodzi wa atsogoleri ake. Atate ndi amai, mwana amene wasiya njira yanu akadali mwana wanu. Chitseko chisatsekedwe.

MUDZI WA BOURNVILLE

Fakitale ya m'tauni itachepa, abale awiriwa anachita chinthu chimene anzawo a bizinesi anachiyesa misala. Mu 1878 anagula malo kunja kwa mzinda, mtunda wa makilomita pafupifupi 6, m'mbali mwa kamtsinje kotchedwa Bourn, pafupi ndi njanji ndi ngalande yodutsa mabwato. Mu 1879 anasamutsira fakitale kumeneko n'kutcha malowo Bournville. Anchito anapeza bwalo la mpira, pochitira masewera, malo odyera, ndipo Loweruka ankaweruka masana. Pambuyo pake panabwera dokotala wa pa nchito, dokotala wa mano, ndi thumba la penshoni mu 1906.

Mu 1893 George anagula maekala 120 ndi ndalama za m'thumba mwake n'kuyamba kumanga mudzi. Nyumba iliyonse inali ndi dimba lake, mitengo ya zipatso yobzalidwa kale, mazenera olowetsa dzuwa ndi mphepo. Bala munalibe. Ndipo nyumbazo sizinali za anchito a Cadbury okha, chifukwa sanafune kuti munthu aziopa kuti akasiya nchito ndiye kuti watayanso pogona. M'bale wake Richard anamwalira mu 1899 ali paulendo ku Yerusalemu, George n'kutsala yekha pa mpando.

Tsono mvetserani ichi. Mu 1900 George anatenga mudzi wonsewo, maekala 330 ndi nyumba 313, n'kuupereka ku bungwe loima palokha, Bournville Village Trust. Lendi yonse inayenera kubwerera m'mudzimo, kukonza ndi kumanga nyumba zina. Iye ndi ana ake sanayenere kudyapo ngakhale kandalama kamodzi. Chimenecho chinali chigawo chachikulu cha chuma chake, cholowa chimene ana 11 aja akanagawana. Iye ankakhulupirira kuti chuma chochuluka chosagwirira nchito chimawononga mwana, ndipo ana ake anawasiyira maphunziro, nchito ndi dzina labwino. Bungwelo lilipo mpaka lero, ndipo mabanja akukhalabe m'nyumba zija.

Panalinso zina. Nyumba yake yakale ya Woodbrooke anaipereka mu 1903 kuti ikhale sukulu ya a Quaker. Nyumba ina, The Woodlands, anaipereka kuti ikhale chipatala cha ana olumala, ndipo ankapita kukawaona atanyamula chokoleti. Pafamu pake anamanga chinyumba chachikulu cholandiriramo ana a m'makomboni a Birmingham, zikwizikwi chaka chilichonse, kuti adye, asewere pa udzu, apume mpweya wabwino tsiku limodzi. Anathandizanso ndi ndalama nkhondo yomenyera penshoni ya boma ya okalamba, imene inakhala lamulo mu 1908.

Akuluakulu athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chimene George ankafunira ana ake, dimba, mpweya wabwino, sukulu, bambo wobwera kunyumba ali bwinobwino, ndicho anafunira ana a wonyamula matumba pa fakitale yake. Pa 1 Timoteo 5:8 Paulo akudzudzula kwambiri munthu wonyalanyaza a pabanja pake. Koma werenganinso Yobu 31:13-15, pamene Yobu akukumbukira kuti iye ndi wanchito wake anaumbidwa ndi Mulungu mmodzi. Mavesi awiriwa ayenera kuyendera limodzi.

Sikuti zonse zinali zowongoka. Pa fakitale ya Bournville mtsikana akakwatiwa ankasiyitsidwa nchito, n'kupatsidwa Baibulo ndi duwa, chifukwa George ankakhulupirira kuti malo a mkazi wokwatiwa ndi pakhomo. Amai ambiri amene mukusunga mabanja ndi malonda anu simungavomereze zimenezo, ndipo muli ndi chifukwa. Koma pali banga lina lalikulu kuposa ili, ndipo likukhudza ife a ku Africa.

KUMENE MASO AKE SANAFIKE

Koko samera ku England. Pofika 1900, pafupifupi theka la koko wa Cadbury linkachokera ku São Tomé ndi Príncipe, zilumba ziwiri za m'nyanja ya Atlantic zimene zinali m'manja mwa Apwitikizi. Olima m'minda imeneyo ankatengedwa ku Angola. Papepala ankalembedwa kuti ndi anchito a pangano la zaka zisanu. Zoona zake, anali anthu ogwidwa kapena ogulidwa kumidzi, ena kuchokera kutali m'kati mwa dziko, kumadera oyandikira kumene Zambezi amayambira. Ankayendetsedwa wapansi atamangidwa mpaka kugombe, n'kukwezedwa sitima, anthu pafupifupi 4,000 chaka chilichonse. Ambiri ankafera kuzilumbako, ndipo kwa zaka zambiri panalibe wobwerera kwawo. Anali atate a ena, amai a ena, ana a ena.

Mu 1901 nkhaniyi inafika ku Bournville. Kampani inaona chikalata chotsatsa munda wina wa ku São Tomé, ndipo pa mndandanda wa katundu wogulitsidwa, pamodzi ndi ziweto ndi makina, panali anchito akuda 200 ndi mtengo wawo. A Cadbury sanatseke maso. William Cadbury, mwana wa malemu Richard, amene ankayang'anira zogula koko, anapita ku Lisbon mu 1903 kukakumana ndi eni minda ndi akuluakulu a boma. Mu 1905 anatuma Joseph Burtt kukafufuza ku zilumbako ndi ku Angola, ndipo atabwerera mu 1907 anatsimikiza kuti unali ukapolo ndithu. Mtolankhani Henry Nevinson anali atalemba kale zomwezo m'buku lake la 1906. Boma la Britain linawapempha kuti adekhe, likambirane kaye ndi Portugal. Iwonso ankati akasiya kugula ataya mphamvu yokakamiza eni minda kusintha, ndipo ena agula koko yemweyo.

Mfundo zimenezo zinali ndi nzeru zake. Koma nthawi yonseyo sitima zinali kunyamula anthu, ndipo kampani inali kugula. Inasiya mu March 1909, itapeza kale kwina kogula, ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Kuchokera 1901 kufika 1909 ndi zaka 8.

George anali mwini nyuzipepa ya Daily News, imene inkadzudzula kwambiri nkhanza zochitira anchito a ku China m'migodi ya ku South Africa. Choncho mu September 1908 nyuzipepa ina, The Standard, inanena a Cadbury kuti ndi achiphamaso: olirira atsikana a ku Bournville, osalirira akapolo olima koko wawo. Kampani inakasuma. Mlandu unazengedwa ku Birmingham kumapeto kwa 1909, ndipo George, ali ndi zaka 70, anaima m'khoti kufunsidwa mafunso ndi loya woopsa Edward Carson. Khoti linagamula kuti nyuzipepayo inalakwa, koma chipepeso chimene linapereka chinali farthing imodzi, kandalama kochepetsetsa ka ku England, ngati kunena kuti ngwee imodzi. Anawina mlandu, koma dziko lonse linamva chimene oweruzawo ankatanthauza.

Bwanji munthu wa mtima wotere anachedwa chonchi? Bwererani ku kalasi ya pa Sondo ija. Osauka a ku Birmingham ankawadziwa maina, analowa m'nyumba zawo, ananyamula ana awo, ndipo za iwo sanadikire boma, anangotenga ndalama zake n'kumanga. Anthu a ku São Tomé anawadziwira m'malipoti. Munthu amene mwamuona maso ndi maso mumamuthandiza lero. Amene mwangomumva papepala, mumamuikira komiti. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Miyambo 3:27-28 imatichenjeza za kukankhira mawa chabwino chimene tingathe kuchita lero. Wolipira kuchedwa kwa a Cadbury sanali a Cadbury.

Sindikunena izi kuti tifafanize zabwino zake. Nyumba zija ndi zenizeni, ana amene anakulira m'menemo ndi enieni. Baibulo nalonso silibisa za Davide kapena za Petro. Ndikunena kuti tiope, chifukwa ngati zinachitikira munthu wopemphera tsiku ndi tsiku, wopatsa chotere, ndiye kuti inu ndi ine sitili patali nazo.

MASIKU OTSIRIZA

George anakalamba akugwirabe nchito. Chokoleti cha Dairy Milk, chija mumachiona m'mashopu, chinayamba mu 1905 iye ali wapampando, mwana wake George wamng'ono ndiye anatsogolera kuchipanga. Iye ndi Elizabeth atakwanitsa zaka 25 m'banja, anchito a kampaniyo anasonkha ndalama n'kumanga kanyumba kopumiramo pakati pa bwalo la Bournville, kotchedwa Rest House, kamene kanatsegulidwa mu 1914. Taonani, mphatso imene anchito anasankha inali yokumbukira ukwati wa abwana awo.

Anamwalira pa 24 October 1922 kunyumba kwake ku Northfield, ali ndi zaka 83. Anthu pafupifupi 16,000 anasonkhana pa bwalo la Bournville kumukumbukira. Kampani inakhala m'manja mwa ana ndi adzukulu kwa zaka zambiri, koma mu 2010 inagulidwa ndi kampani ya ku America ya Kraft. Bizinesi inapita kwa eni ena. Chimene chinatsala m'njira imene iye anafuna ndi chija anapereka.

NANGA INU?

Mwina mukuti, a mtumiki, ine ndilibe fakitale, ndili ndi kagolosale chabe. Zoona. Koma pafupifupi aliyense wa ife ali ndi Bournville wake ndi São Tomé wake.

Bournville wanu ndi anthu amene mumawaona tsiku ndi tsiku. Mtsikana amene munamutenga kumudzi kuti azilera ana anu, iye sukulu anasiyira giredi chani? Amadya chimene ana anu amadya? Mnyamata wa pa chigayo amene amapuma fumbi la ufa kuyambira m'mawa, malipiro ake a mwezi watha anatuluka? Woweta ng'ombe zanu ali ndi zaka zingati? Yakobo 5:4 akutiuza kuti malipiro obisidwa ali ndi pakamwa, ndipo kumwamba amamveka.

São Tomé wanu ndi anthu amene simuwaona koma phindu lanu limachokera kwa iwo. Inu mumaima pa Great East Road kukweza matumba a malasha opita ku Lusaka, koma wotentha ali kutchire, mwina ndi ana amene anayenera kukhala m'kalasi. Mumagula chimanga kwa mai wamasiye chisanaume bwino, pa mtengo wa njala, chifukwa mukudziwa kuti alibe podikira. Mumagula golide osafunsa kuti m'dzenjemo munalowa ndani. Mtima umakuuzani kuti pali cholakwika, inu n'kuyankha kuti mudzakonza bizinesi ikakhazikika, kapena kuti mukasiya inu wina agula. Mawu omwewo anamveka ku Bournville zaka 8.

Ndipo inu azibambo, musathawire ku mbali inayo. Alipo ena opatsa kunja, otchuka kutchalitchi, koma kunyumba ana amawaona ngati alendo. George ankayamba ndi a m'nyumba mwake, kenako n'kukulitsa mpanda. Chakhumi sichilowa m'malo mwa fizi ya mwana, ndipo sichilowa m'malo mwa malipiro a wanchito.

Sabata ino chitani zinthu zitatu. Choyamba, khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu, foni ili kutali, mudye pamodzi, muwerenge Mawu pamodzi, ndipo ngati pali mwana amene munamutsekera chitseko, muimbireni. Chachiwiri, ngati muli ndi ngongole ya malipiro kwa wina aliyense, olo ndi wa ganyu ya tsiku limodzi, lipirani lisanafike Sondo. Ngati simungathe zonse, pitani mukamuuze tsiku, ndipo tsikulo mulisunge. Chachitatu, pitani ndi miyendo yanu kumene katundu wanu amachokera. Mukaone, mukafunse maina. Mukapeza choipa, musadikire zaka 8.

TIPEMPHERE

Atate wathu wakumwamba, tikukuthokozani chifukwa cha mabanja athu ndi nchito za manja athu. Dalitsani malonda a ana anu mu Rufunsa muno, atukuleni, apatseni masiku ambiri kuti aone adzukulu. Koma tsegulaninso maso athu kuti tione anthu amene thukuta lawo lili m'ndalama zathu. Tikhululukireni pamene tinadziwa n'kuchedwa. Mzimu Woyera, musatipatse mtendere mpaka titakonza. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.

Mukawerenga, tumizirani wina amene ali ndi bizinesi. Tionana pa Sondo. Ambuye akusungeni, inu ndi a m'nyumba mwanu, ndi onse amene amadya kuchokera m'manja mwanu.

Wanu mu utumiki,
Mthandizi wa a Bishopu